Khadi ya ngongole ndi mbiri ya dzina lanu: phunziro kwa a Fomu 4 ndi makolo awo



Mayeso a MSCE akangotha, ana a pasukulu ino amamwazikana. Ena amapita ku makoleji, ena amayamba geni kapena ntchito m'tauni, ndipo ena, makamaka anyamata, amakwera basi ya ku Joni kutsatira achimwene ndi amalume awo amene ali kale ku Johannesburg, Durban kapena Cape Town. Kulikonse kumene mungalowere, tsiku lina kudzabwera munthu wovala bwino, kapena uthenga wa pa foni, wokuuzani kuti mukhoza kutenga katundu lero n'kudzalipira m'tsogolo. Adzawonjezeranso kuti munthu amene sanakongolepo mabanki samudziwa, ndipo tsiku limene adzafune thandizo lalikulu adzamukana. Mawu achiwiriwa ali ndi choonadi pang'ono mkati mwake, ndipo n'chifukwa chake amakola anthu ambiri. M'phunziro la mwezi uno tiona mmene khadi ya ngongole imagwirira ntchito, chimene mabanki amatanthauza akamanena za mbiri ya munthu pa ngongole, ndi pamene Msilamu wopeza ndalama zochepa ayenera kuima.

Makhadi awiri ofanana nkhope

Khadi imene ambiri taiona m'manja mwa makolo ndi ya ATM, imene ku banki amaitcha debit card. Imeneyi ndi kiyi chabe wa ndalama zanu. Ngati mu akaunti muli K40,000, mukhoza kutapa kapena kugulira zinthu mpaka K40,000 yomweyo, zikatha makina amakubwezerani khadi yanu basi.

Khadi ya ngongole, imene amaitcha credit card, kunja imaoneka chimodzimodzi: pulasitiki yomweyo, chizindikiro cha Visa kapena Mastercard chomwecho. Koma ndalama zimene zili kuseri kwake si zanu. Banki imakuikirani malire, tinene R4,000, ndipo nthawi iliyonse mukagula chinthu, yalipira ndi banki, inu mwakongola. Pakutha pa mwezi imakutumizirani sitetimenti yosonyeza zimene mwakongola ndi tsiku lomaliza kubweza. Pa sitetimentipo pamakhala manambala awiri. Yoyamba ndi ngongole yonse. Yachiwiri ndi kandalama kochepa kamene banki ikuti mukhoza kungopereka kameneko mwezi uno. Mukabweza yonse tsikulo lisanadutse, pa zinthu zogula simulipira chiongoladzanja, ndipo ku South Africa mabanki ambiri amapereka masiku ofika 55 otere. Mukangopereka kochepako, yotsalayo imayamba kuswana.

Malonda amenewa kwawo ndi ku America. Mu 1950 kunayamba khadi ya Diners Club, yolipirira chakudya m'malesitilanti a ku New York, imene mwini wake ankayenera kubweza yonse mwezi ukatha. Mu 1958 Bank of America inatumiza makhadi pafupifupi 60,000 kwa anthu a mumzinda wa Fresno ku California, anthuwo asanapemphe n'komwe. Chachilendo pa khadi imeneyi chinali chakuti munthu ankaloledwa kusiya mbali ya ngongole kuti ilowe mwezi wotsatira ndi chiongoladzanja pamwamba. Ndi khadi yomweyi imene inasanduka Visa mu 1976.

Kuno kwathu makhadi a ngongole ali ndi anthu ochepa, kawirikawiri amene malipiro awo ndi okhazikika ndipo amadutsa ku banki. Amene mungakumane nawo msanga ndi opita ku South Africa kapena ku Britain. Koma otsala kunonso musadumphe tsambali, chifukwa ngongole za pa foni, za m'mabungwe obwereketsa ndalama ndi za katapila zimayendera masamu omwewa.

Tengani pensulo

Tiyerekeze mnyamata amene akugwira ntchito m'sitolo ku Durban ndipo mapepala ake ali bwino. Banki yamupatsa khadi ya malire a R4,000. M'mwezi umodzi wagula foni, nsapato ndi bulangete la amayi, khadi yadzaza. Lamulo la ku South Africa limati chiongoladzanja cha pa khadi chisapitirire mlingo wa banki yawo yaikulu kuwonjezerapo 14 peresenti pachaka. Munthu watsopano wopeza zochepa nthawi zambiri amamuika kufupi ndi malirewo, choncho ife titenge 21 peresenti pachaka. Tikagawa ndi miyezi 12, zikupereka 1.75 peresenti pamwezi, imene pa R4,000 ndi R70.

Tinene kuti sitetimenti yamuuza kuti akhoza kungopereka R120. Iye akuona kuphweka, wapereka. Pa R120 imeneyo, R70 yapita ku chiongoladzanja, ndipo R50 yokha ndi imene yachepetsa ngongole. Yatsala R3,950. Mwezi wachiwiri chiongoladzanja ndi R69 ndi masenti ochepa, ndipo ngongole yatsika ndi R51 chabe. Akapitiriza kupereka R120 mwezi ndi mwezi, osagulanso kanthu kena ndi khadiyo, adzamaliza patapita miyezi 51, kutanthauza zaka zinayi ndi miyezi itatu, atalipira ndalama zoposa R6,000. Pofika nthawiyo foni ija inafa kalekale. Mnzake amene ali ndi ngongole yomweyo koma akupereka R400 pamwezi amamaliza m'chaka chimodzi, ndipo choonjezera chake chimakhala pafupifupi R435. Ngongole ndi imodzi, banki ndi imodzi, koma amene dzanja lake ndi lalifupi walipira chiongoladzanja chochuluka pafupifupi kasanu. Mu malonda amenewa wosauka ndi amene amagula modula.

Masamuwa tawakomera mtima, chifukwa sitinawerengere zina. Khadi zambiri zimakhala ndi ndalama yolipira mwezi uliwonse kaya mwagula kanthu kaya ayi. Mukachedwa pamakhala chindapusa. Mukatapa ndalama pa ATM ndi khadi ya ngongole, masiku opanda chiongoladzanja aja sakhalapo, chimayamba kuwerengedwa tsiku lomwelo. Ndipo amene wabwerera kumudzi ali ndi ngongole ya ndalama zakunja ali ndi mdani wina: mu Novembala 2023 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 44 peresenti, ndipo ngongole iliyonse yotere, tikaiwerengera m'makwacha, inakula ndi pafupifupi theka usiku umodzi.

Wina anganene kuti bola katapila wa m'mudzi, alibe mapepala. Wakatapila amene akukupatsani K20,000 kuti mudzabweze K30,000 pakutha pa mwezi akutenga 50 peresenti pamwezi, imene pachaka ndi 600 peresenti. Poyerekeza ndi iyeyo, banki ndi yofatsa. Koma fisi wofatsa ndi fisi ndithu.

Buku limene dzina lanu limalembedwamo

Tibwerere ku mawu a munthu wovala bwino uja, akuti mabanki sadzakudziwani. Kale wogulitsa m'golosale ankadziwa yekha amene amabweza ndi amene amazemba njira, ndipo mayina ankawasunga m'kope. Masiku ano kope limeneli amasunga ndi makampani otchedwa credit bureau. Mabanki, masitolo okongoza ndi mabungwe obwereketsa ndalama amatumiza kumeneko mayina a anthu amene awakongoza, kuchuluka kwa ngongole, ndiponso ngati munthuyo akubweza pa nthawi yake. Mukapita kukapempha ngongole kwina, amayamba atsegula bukulo.

Ku America mbiri yonseyi amaifupikitsa kukhala nambala imodzi. Yodziwika kwambiri ndi ya FICO, imene inayamba mu 1989 ndipo imayambira pa 300 kufika pa 850. Eni ake amanena poyera kuti pafupifupi 35 peresenti ya nambalayi imachokera pa funso limodzi: kodi munthuyu amabweza pa nthawi yake? Ina 30 peresenti imachokera pa kuchuluka kwa zimene wakongola poyerekeza ndi malire amene anapatsidwa. Zotsalazo ndi kutalika kwa mbiri yake, mitundu ya ngongole zake ndi kangati wapempha ngongole posachedwa. Maiko ena ali ndi manambala awo, koma mafunso ake ndi omwewa.

Ku South Africa zonsezi zili pansi pa lamulo la National Credit Act la 2005. Makampani monga TransUnion ndi Experian amasunga mbiri, ndipo munthu aliyense ali ndi ufulu woona yake kamodzi pachaka osalipira, n'kudandaula ngati muli cholakwika. Kuno ku Malawi lamulo lokhazikitsa makampani otere linabwera mu 2010, ndipo Credit Data ndi TransUnion amagwira ntchitoyi moyang'aniridwa ndi Reserve Bank. Chiyambireni kugawidwa kwa chiphaso cha unzika mu 2017, akaunti ya ku banki ndi nambala ya foni zimalumikizidwa ku dzina limodzi. Nthawi yokongola ku Mangochi n'kukatsegula moyo watsopano ku Mzuzu ikutha.

Mbiri imeneyi ili ndi ntchito ngakhale kwa munthu amene sakufuna riba. Ku South Africa ndi ku Britain eni nyumba za lendi ambiri amaiyang'ana asanakupatseni makiyi. Makampani a foni amaiyang'ana asanakupatseni kontilakiti. Olemba ntchito zogwira ndalama ena amaiyang'ana. Ndipo mabanki a Chisilamu nawonso, monga Al Baraka imene inakhazikitsidwa ku Durban mu 1989, amaiyang'ana asanakugulireni galimoto kapena nyumba. Choncho nkhani ya dzina si yoti Msilamu aipeputse.

Pali bodza limodzi lofala limene muyenera kulidziwa. Anthu amati kuti mbiri ikule, muzisiyako kangongole mwezi uliwonse kuti banki idyepo. Sizoona. Chimene chimalembedwa ndi chakuti mwabweza pa nthawi yake, osati kuti mwapereka chiongoladzanja chochuluka bwanji. Dziwaninso kuti mbiri kawirikawiri sidutsa malire a dziko. Amene anali ndi dzina labwino ku Blantyre akafika ku Leicester amayamba ndi tsamba loyera.

Chimene chipembedzo chathu chikunena

Kukongola pakokha si haramu. Mtumiki Muhammad (SAW) ankakongola, ndipo mu Sahih Bukhari muli nkhani yakuti pamene ankamwalira, chovala chake cha nkhondo chinali chikole kwa Myuda wina chifukwa cha chakudya chimene anakongolera banja lake. Ayah yaitali kuposa zonse mu Qur'an yolemekezeka, ya 282 mu Surat Al-Baqarah, ikukamba za ngongole: kuti ilembedwe, nthawi yobweza idziwike, ndipo pakhale mboni. Tinganene kuti Asilamu tinalamulidwa kusunga mabuku a ngongole zaka zoposa 1,400 zapitazo, ma credit bureau asanaganiziridwe.

Choletsedwa ndi riba, choonjezera chimene wokongoza amaika pa ngongole chifukwa cha nthawi. Ma ayah 275 mpaka 279 a surah yomweyo akusiyanitsa malonda, amene ndi halali, ndi riba imene ndi haramu, ndipo chenjezo lake ndi lina mwa machenjezo oopsa kwambiri m'Buku lonse. Mu Sahih Muslim muli hadith yosonyeza kuti tsoka la riba siligwera wolandira yekha, koma woperekanso, wolemba ndi mboni zake. Ma ulama amafotokoza kuti riba ya Aluya Chisilamu chisanafike inkayenda motere: tsiku lobweza likakwana, wokongoza ankauza mnzake kuti asankhe, kubweza lero kapena kuti ngongole ikule. Yang'ananinso manambala awiri aja a pa sitetimenti. Ndi funso lomwelo, langosindikizidwa ndi kompyuta.

Nanga amene akuti atenga khadi koma azibweza yonse mwezi uliwonse, kuti asaperekepo riba ngakhale tambala imodzi? Apa ndi pamene pali kusiyana maganizo, ndipo ndi bwino kuti mudziwe mbali zonse. Bungwe la ma ulama la International Islamic Fiqh Academy, pa msonkhano wake wa ku Riyadh m'chaka cha 2000, linagamula kuti khadi imene pangano lake lili ndi chiongoladzanja si yololedwa, ngakhale mwini wake atatsimikiza mtima kuti azibweza masiku aulere asanathe. Chifukwa chake n'chakuti posaina, munthu wavomera kale kupereka riba akadzachedwa, ndipo kuvomerako ndi kumene kuli kolakwika. Ma sheikh ena, makamaka a m'maiko mmene Asilamu ndi ochepa ndipo zinthu zina sizitheka popanda khadi, amalola pa zifukwa zokakamiza, malinga munthuyo ali ndi chitsimikizo kuti sadzachedwa.

Chigamulo cha munthu payekha akachifunse kwa sheikh wodziwa amene akumva bwino za moyo wake. Koma ineyo monga mphunzitsi wa masamu ndikuona chinthu ichi: ngakhale chilolezo cha ma sheikh achiwiriwa chagona pa mawu akuti sadzachedwa. Amene angalonjeze zimenezi ndi amene malipiro ake amabwera tsiku lodziwika ndipo ali ndi kena kosunga pambali. Mnyamata wa m'sitolo amene bwana wake amamulipira akafuna, amene akhoza kuchotsedwa ntchito Lolemba lililonse, amene kumudzi akumudikira ndi feteleza, alibe chitsimikizo chimenecho. Kwa iyeyo fatwa yoyamba ija ndi imenenso ikuteteza thumba lake.

Ndipo ngongole kwa Msilamu siithera ku banki. Mu Bukhari muli nkhani ya janaza imene Mtumiki (SAW) anakana kuiswalira atamva kuti malemuyo anasiya ngongole ndipo sanasiye chobwezera, mpaka swahaba Abu Qatadah anavomera kuisenza. Surat An-Nisa imaika kubweza ngongole patsogolo pa kugawa chuma cha masiye. Amene wathawa ngongole ku Joni n'kubwerera kumudzi wathawa makalata chabe.

Kumanga dzina popanda khadi

Njira zake zilipo, kungoti ndi zochedwa ndipo palibe amene amazilengeza pa wailesi chifukwa palibe amene amadyapo.

Chiyambi ndi akaunti ya m'dzina lanu lenileni, mmene ndalama zanu zizidutsa. Banki iliyonse, ya Chisilamu kapena ayi, imafuna kuona zimene zimalowa ndi kutuluka, ndipo ku South Africa kawirikawiri amafunsa masitetimenti a miyezi itatu. Munthu amene amalandirira m'manja n'kusunga pansi pa matiresi akhoza kukhala wokhulupirika chotani, koma pa pepala kulibe. Pa chifukwa chomwecho, musalandirire malipiro mu akaunti ya mnzanu, ndipo koposa zonse musabwereke wina dzina lanu, chiphaso chanu kapena simu khadi yanu kuti akatengere ngongole. Iye akalephera, buku lija limalemba inu. Izi zimachitika kwambiri pakati pa pachibale, ndipo kukana kumawawa, koma kubweza ngongole imene simunadyeko kumawawa nthawi yaitali.

Kenako pali zolipira za mwezi ndi mwezi zimene si ngongole ya ndalama. Ku South Africa kontilakiti yaing'ono ya foni, yolipiridwa pa tsiku lake, imalembedwa m'mbiri. Ku Britain kuli njira zolembetsera lendi ya nyumba kuti izioneka m'mbiri, ndipo kulembetsa m'kaundula wa zisankho kumathandiza mabanki kutsimikiza kumene mukukhala. Mmalawi amene ali ndi chilolezo chokhala kumeneko akhoza kulembetsa, popeza dziko lathu lili mu Commonwealth. Pa makontilakiti amenewanso werengani zimene akunena za kuchedwa musanasaine.

Pogula katundu wamkulu, funsani za murabaha. Mu njira imeneyi banki imagula chinthucho, n'kukugulitsani pa mtengo wokwererapo umene mwagwirizana, woti muzilipira pang'onopang'ono. Ena amati ndi chiongoladzanja chomwecho changovala mkanjo. Kusiyana kwake kuli pawiri: pali katundu weniweni amene banki yagula n'kukhala mwini wake isanakugulitseni, ndipo mtengo ukakhazikitsidwa sukulanso. Mabanki ena amaika chindapusa kwa wochedwa dala, koma malamulo a Shariah amati chimenecho chipite ku sadaka, osati m'thumba la banki. Kuno kwathu Reserve Bank inalola mabanki kutsegula nthambi zoyendera malamulo a Chisilamu, ndipo FDH Bank ili ndi yotchedwa Salama. Ku South Africa, kuwonjezera pa Al Baraka, mabanki akuluakulu monga FNB ndi Absa ali ndi nthambi zotere. Murabaha yaing'ono yobwezedwa bwino imamanga dzina mofanana ndi khadi.

Masitolo ambiri a ku Joni alinso ndi njira ya lay-by, imene mumalipira pang'onopang'ono katundu ali m'sitolo momwemo, n'kudzamutenga mukamaliza. Siimanga mbiri, koma ilibe riba, ndipo bulangete la amayi limafika ndithu. Akaunti za m'masitolo a zovala ndi nkhani ina: zina zimalonjeza miyezi ingapo yopanda chiongoladzanja, koma pangano lake ndi lofanana ndi la khadi.

Chachikulu kuposa zonsezi ndi kandalama kosunga pambali. Ngongole zambiri za anthu opeza zochepa sizibwera chifukwa cha kunyada ayi. Zimabwera ndi matenda, maliro, lendi, ndi mwezi umene ntchito yasowa. Amene wasunga ndalama zokwanira mwezi umodzi wadzipangira yekha khadi imene siswana. Chipereganyu chimathandiza pamenepa, chifukwa aliyense amalandira zimene anasonkha, popanda choonjezera. Banki m'khonde, mmene magulu ambiri amaiyendetsera, imakongoza ndi chiongoladzanja chimene amagawana pakutha pa chaka. Amayi athu ambiri alimo, ndipo sindikulemba izi kuti ndiwachititse manyazi, koma ndi nkhani yoti magulu a Asilamu akhale pansi ndi sheikh n'kuona mmene angaisinthire, mwachitsanzo kuti gulu lizigula katundu n'kugulitsa kwa membala m'malo momukongoza ndalama.

Amene wafika poitenga

Ena mwa inu, patapita zaka, mudzakhala m'maiko mmene kubwereka galimoto kapena kusungitsa chipinda ku hotela kumavuta popanda khadi ya ngongole, ndipo mutafunsa ma sheikh mudzaona kuti mwakakamizika. Yambani mwafunsa ngati kumeneko kuli khadi yovomerezedwa ndi komiti ya Shariah, imene imalipiritsa ndalama yokhazikika m'malo mwa chiongoladzanja. Ngati kulibe, musakopeke ndi mapointi ndi timphatso, chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere. Funsani ndalama imene muzilipira pamwezi kapena pachaka chifukwa chongokhala ndi khadiyo, ndipo sankhani yotsika. Pemphani malire aang'ono, osapitirira zimene mungabweze ndi malipiro a sabata imodzi kapena ziwiri, ndipo banki ikadzakuimbirani kuti yakukwezerani malire, kanani. Ku Britain makhadi opatsidwa kwa anthu ongoyamba kumene amakhala ndi chiongoladzanja chimene nthawi zambiri chimaposa 30 peresenti pachaka. Ku America ongoyamba ambiri amatenga khadi ya chikole, imene munthu amayamba wasungitsa ndalama zake, tinene madola 200, ndipo malire ake amakhala omwewo.

Mukaitenga, uzani banki kuti izidula yokha ngongole yonse, osati kochepa kaja, kuchokera mu akaunti yanu tsiku lomaliza lisanafike. Muziigulira chinthu chimodzi chaching'ono chimene mukanagula kale, monga mayunitsi a magetsi, ndipo ndalama zake zikhale zilipo musanagule. Musatapire ndalama. Musapemphe makhadi m'mabanki angapo nthawi imodzi, chifukwa pempho lililonse limalembedwa ndipo limakuonetsani ngati munthu amene madzi afika m'khosi. Ndipo mwezi umene mwaona kuti simungathe kubweza yonse, dziwani kuti chifukwa chimene sheikh anakulolerani chatha. Bwezani mwamsanga, khadiyo muitseke.

Kwa makolo ndi a komiti ya mzikiti

Makolo, mwana amene ali ku Joni amachita manyazi kunena kuti zinthu sizikuyenda. Foni ikalira kuti malata atsala asanu, mchemwali wake akukwatiwa, Eid yayandikira, iye amaona anzake akutumiza ndipo amapita kumene ndalama zimapezeka msanga. Ndalama zikafika, ndi bwino kumufunsa mofatsa ngati ndi za malipiro ake kapena wakongola, ndi kumuuza poyera kuti mukhoza kudikira. Mawu amenewo akachokera kwa bambo kapena mayi amamasula mwana kuposa phunziro lililonse la m'kalasi.

Kwa akuluakulu a komiti, ndikupempha mwaulemu kuti muganizire za thumba la qardh hasan, ngongole yopanda choonjezera. Timalalikira za kuipa kwa riba Lachisanu, koma Loweruka munthu amene mwana wake wagonekedwa kuchipatala amapeza khomo la wakatapila lokha lotsegula. Thumba lotere silifuna mamiliyoni. Lifuna anthu awiri kapena atatu okhulupirika, malire odziwika a zimene munthu mmodzi angatenge, kope lolembamo, ndi mboni, monga mmene ayah 282 ija ikulamulira. Matumba ambiri otere amafa chifukwa chochitirana manyazi: palibe amene amafuna kulemba dzina la mkulu mnzake kapena kukamukumbutsa. Kulemba si kukayikira munthu, ndi lamulo la Allah. Amene walephera moona, ayah 280 ya surah yomweyo ikulamula kumupatsa nthawi, ndipo Surat At-Tawbah, ayah 60, ikuika anthu olemedwa ndi ngongole m'gulu la oyenera kulandira zakaat. Kope limenelo m'kupita kwa nthawi lidzakhala mbiri ya mzikiti wathu, ndipo mnyamata amene wabweza bwino kawiri katatu komiti ikhoza kumulembera kalata yomuchitira umboni kwa wamalonda amene akufuna kumukongoza katundu wa geni.

Ntchito ya a Fomu 3 ndi Fomu 4

Makina osokera akugulitsidwa pa K300,000. Njira yoyamba ndi murabaha: mtengo wake K345,000, wolipira K57,500 pamwezi kwa miyezi isanu ndi umodzi. Njira yachiwiri ndi kukongola K300,000 pa 5 peresenti pamwezi, n'kumaperekanso K57,500 yomweyo mwezi uliwonse. Lembani tebulo losonyeza ngongole yotsala pakutha pa mwezi uliwonse m'njira zonse ziwiri, ndipo pezani ndalama zonse zimene telala alipire pa njira iliyonse. Mukatero, yerekezani kuti telalayo wadwala atalipira kawiri, ndipo wakhala miyezi inayi osapereka kanthu. Werengeraninso kuti ali ndi ngongole ya ndalama zingati pa njira iliyonse tsiku limene wabwerera pa makina. Mayankho afike ku ofesi ya aphunzitsi Lachisanu likudzali tisanapite ku Jumu'ah, ndipo amene makolo awo athandiza nawo masamuwa alembe dzina la khololo pamwamba pa pepala.